Mmene Mungayesere Luso la Ganizo ndi Nkhafi ya ku Chia

Ambirife kuno ku Nkhotakota timayamikira mmisiri poona ntchito ya manja ake, kaya ndi mbiya yosalala kapena bwato losemedwa mosamala. Komabe pali luso lina limene phindu lake lili m'ganizo, pomwe chinthu chooneka ndi maso chimangokhala mthenga, ndipo njira yabwino yolimvetsera ndi kuliyesa nokha.

Yambani ndi chinthu chimene anthu anachizolowera mpaka anasiya kuchiona, monga nkhafi yong'aluka imene msodzi wa ku Chia anaitaya pagombe. Musaipake utoto, musaikonze. Mu 1917, ku New York, katswiri wa zaluso wa ku France, Marcel Duchamp, anagula chokodzeramo amuna, n'kulembapo dzina lakuti R. Mutt, n'kuchitumiza kuchionetsero cha zaluso. Okonza chionetserocho sanachiike poyera, koma funso limene chinadzutsa lidakalipo: kodi chimasandutsa chinthu kukhala luso n'chiyani, manja a wopanga, malo amene chaikidwa, kapena kusankha kwa munthu?

Kenaka yedzamiritsani nkhafiyo pakhoma loyera, kumanzere kwake mupachike chithunzi chake chachikulu ngati iyo yomwe, ndipo kumanja mulembe tanthauzo la mawu akuti "nkhafi". Umu ndi mmene katswiri wa zaluso wa ku America, Joseph Kosuth, anachitira ndi mpando mu 1965. Mukatero, funsani obwera kudzaona kuti nkhafi yeniyeni ndi iti. Wopalasa bwato adzaloza yamtengoyo mosazengereza, koma mumukumbutse mwaulemu kuti yong'alukayo singamuwolotsenso, chimodzimodzi chithunzi chija, pamene mawu olembedwawo akunena za nkhafi zonse, zimene zinawola kale ndi zimene sizinasemedwe. Apa mpamene anthu amayamba kutsutsana, ndipo inu musafulumire kuwaweruza, chifukwa mtsutsowo ndiwo munaitanira anthu.

Ndikuchenjezeni kuti chinthu chachilendo pachokha si ganizo, ndipo ena amangounjika zinyalala n'kumati ife ndife osazindikira. Ganizo likhale ndi mizu. Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu, anaimika chiboliboli cha John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley ku Trafalgar Square ku London mu 2022, potengera chithunzi cha 1914. Pachibolibolicho, Chilembwe ndi wamkulu thupi kuposa mzungu mnzakeyo, ndipo wavala chipewa, chimene munthu wakuda sankaloledwa kuvala pamaso pa mzungu masiku amenewo. Wosadziwa mbiri ya chipewacho amangoona amuna awiri ovala masuti.

Kuti mudziwe ngati ntchito yanu yagwira, ifotokozereni munthu amene sanaione, mwina agogo anu ali pakhonde akupeta mpunga wa kilombero. Akasiya lichero n'kukufunsani kuti nanga dzina la munthu amene anamwalira limaloza yani, ndiye kuti ganizo lafika ngakhale nkhafi yatsala pakhoma. Akangoti "chabwino" n'kupitiriza kupeta, bwererani kugombe mukasankhenso.