Kuumba zigoba za brass ndi moto wa mfuti yomwe

Anzanga amene mumasaka kwa Mfuwe ndi ku Lupande mwakhala mukundifunsa za fire forming, ati ndi chani kwenikweni. Nkhani yake njosavuta, chigoba cha chipolopolo ndi brass, mkuwa 70 pa 100 ndi zinki 30, ndiye mukawomba, chigoba chili m'chemba (malo amene chipolopolo chimakhala mu mfuti) chimafufuma mpaka kukhudza makoma onse n'kutenga maonekedwe a chemba ya mfuti imeneyo. Basi ndi zomwezo. Koma poyamba mfuti ikhale ndi laisensi, komanso mufunse ku polisi kaye za kudzaza nokha zipolopolo, pepala la DNPW, a dipatimenti ya nyama zakuthengo, ndi la kusaka chabe, osasakaniza.

Chitsanzo chabwino kwa ife a ku Luangwa ndi .375 H&H ija Holland & Holland anatulutsa ku London mu 1912. Ngati mfuti yanu ndi .375 Weatherby mutha kuwomberamo zipolopolo za H&H za m'sitolo, zimalowa bwinobwino chifukwa lamba uja wa kumunsi kwa chigoba ndi yemweyo ndipo ndi amene amachigwira pamalo. Mukawomba, chigoba chotulukacho mapewa ake (pamene chimachepera kupita ku khosi) atambasuka, thupi lawongoka, chasanduka Weatherby. Za Ackley Improved, mtundu wina wa machemba otambasulidwa, nazonso ndi chimodzimodzi, mapewa amafika madigiri 40.

Sankhani zigoba zatsopano kapena zowombedwa kamodzi, za kampani imodzi. Chemba mupukute iume gwa, mafuta asakhalemo ngakhale pang'ono, chifukwa chigoba chikaterera mphamvu yochuluka imathera pa bolt, chitsulo chotseka chemba kumbuyo. Magalasi m'maso, zotseka m'makutu. Ngati mukudzaza nokha wonga mutenge muyezo wa m'buku la reloading, osati za "mnzanga anati", ine pano manambala sindilemba dala.

Manje apa ndi pomwe ambiri timalakwa, ine ndinalakwanso. Nditaumba zigoba zanga ndinazibweza mu die, chida chofinyira chigoba podzazanso, nditaitsitsa mpaka pansi, kukankhira mapewa m'mbuyo ulendo uliwonse, ndiye pofika kachitatu ndinaona kamzere kowala kozungulira pamwamba pa lamba, ndimayesa ndi kukalika chabe. Ndinapinda kawaya ka paper clip n'kukanda mkati, kanakodwa pa kangalande, ndiye kuti brass yapyapyala pamenepo ndipo ikanaduka m'chemba. Ndinataya zonse, mtima kuwawa poti brass kuno ku Chipata siipezeka wamba, mpaka Lusaka. Chigoba chikaumbika musakhudze mapewa kwambiri, finyani khosi lokha kapena kankhani pang'ono zedi kuti bolt ingotseka.

Yezani utali ndi caliper mukamaliza, nthawi zambiri chimafupika pang'ono poti brass yapita m'mbali. Khosi likayamba kung'aluka ndiye lauma, lifunika annealing, kulitentha kuti lifewe, koma kutenthako ndi khosi ndi mapewa okha, kumunsi moto usafike ayi. Zigoba zoumbidwa muike m'bokosi lake mulembepo, chifukwa pansi zimalembedwabe .375 H&H pomwe mu mfuti ya H&H sizilowanso.