Momwe mungayezere kapasita ndi multimeter musanagule ina

Kutentha kwa mu Okutobala kukafika mu Lilongwe, amisiri a zamagetsi amalandira mafani ambiri amene amangong'ung'udza osazungulira mpaka munthu atawakankha ndi dzanja. Kawirikawiri mota imakhala ilibe vuto, koma kapasita ndi imene yafooka. Kachipangizo kameneka kamasunga mphamvu ya magetsi kwa kanthawi, ndipo kamapezekanso m'ma TV, m'mainveta a sola ndi m'mapampu a madzi.

Musanagwire chilichonse, zulani pulagi ndipo muchotse mphamvu yotsalira mu kapasitayo. Apa ndi pofunika kusamala kwambiri, chifukwa magetsi a ESCOM ndi a 230V, ndipo kapasita yaikulu ya pa bolodi ya TV imatha kusunga mphamvu yoposa 300V ngakhale TV itazimitsidwa kale. Ikani mita yanu ya multimeter pa DC volts kuti muone mphamvu imene yatsalamo, kenako mulumikize miyendo yake iwiri ndi rezisita (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) ya 20kΩ ya 5W kwa masekondi angapo, mutagwira rezisitayo ndi pulayasi ya zogwirira zapulasitiki. Yezaninso mpaka mita isonyeze pafupifupi ziro. Amisiri ena amangogunditsa sikuludiraiva pamiyendoyo, koma ine sindingalimbikitse zimenezi, popeza moto umene umathetheka ungawononge kapasita ndi kuvulaza maso. Kapasita ya mu microwave yokha, imene imagwira ntchito pa mphamvu ya 2,000V kapena kuposerapo, isiyireni mmisiri wodziwa, chifukwa ikhoza kupha munthu.

Mukatero, iyang'aneni ndi maso. Ngati yatupa pamwamba kapena ikutuluka zamadzimadzi, yatha ntchito ndipo palibenso chifukwa choiyezera.

Ngati ikuoneka bwino, sungunulani mtovu ndi kuzula mwendo umodzi pa bolodi, chifukwa kuiyeza ili yolumikizidwa ndi zipangizo zina kumapereka nambala yabodza. Werengani zolembedwa pathupi pake, monga 1000µF 25V, kapena 2.5µF pa kapasita ya fani (µF ndi microfarad, muyezo wa kukula kwa kapasita). Tikapasita ting'onoting'ono timalembedwa manambala atatu okha, ndipo 104 amatanthauza 0.1µF.

Tsopano tembenuzani mita kufika pa chizindikiro cha kapasita, chimene pamamita ena chimalembedwa CAP kapena F. Pa kapasita yokhala ndi mzere m'mbali, mzerewo ukusonyeza mwendo wa negetivu, choncho waya wakuda upite pamenepo ndipo wofiira upite pa mwendo winawo. Ya fani ilibe mbali ya negetivu kapena pozetivu. Dikirani kuti nambala ikhazikike, pakuti kapasita yaikulu imachedwerapo. Nambala imene yatuluka siyenera kufanana ndendende ndi yolembedwa. Makapasita ambiri a pa bolodi amaloledwa kusiyana ndi 20 peresenti, kotero ya 1000µF ikasonyeza pakati pa 800 ndi 1200 ili bwino. A mota nthawi zambiri amaloledwa 5 peresenti yokha, ndipo ya 2.5µF ikasonyeza 1.2µF, mwapeza chimene chikulepheretsa fani yanu kuzungulira.

Mamita ambiri otsika mtengo alibe poyezera kapasita, komabe angakuthandizeni pang'ono. Ikani mita pa ohms, pa nambala yaikulu monga 200k, ndipo mugunditse mawaya pamiyendo. Kapasita yabwino imayamba ndi nambala yotsika imene imakwera mpaka mita italemba OL kapena 1, kusonyeza kuti nambala yapitirira pamene mita ingayeze. Nambala ikakhalabe pafupi ndi ziro, ndiye kuti yachita shoti mkati. Ikalemba OL nthawi yomweyo, mwina yaduka, ngakhale kuti tikapasita ting'onoting'ono tabwinobwino timachitanso chimodzimodzi chifukwa timadzaza msanga. Njira imeneyi siingakuuzeni kuti kapasita yafooka motani.

Dziwaninso kuti kapasita ikhoza kusonyeza nambala yoyenera koma n'kumalephera ntchito chifukwa yauma mkati. Vutoli limaoneka ndi mita ina yoyezera ESR, kutanthauza mmene kapasita ikutchingira magetsi mkati mwake, ndipo limapezeka kawirikawiri m'makapasita okhala pafupi ndi zipangizo zotentha pa bolodi.

Popita kukagula ina ku Malangalanga kapena mumsika wa ku Old Town, tengani yakaleyo pamodzi ndi mita yanu, ndipo yatsopanoyo muiyeze musanalipire. Nambala ya µF ifanane ndi yakale, pamene ya ma volts ikhoza kufanana kapena kukwererapo, koma isatsike. Pa bolodi yotentha sankhani yolembedwa 105°C m'malo mwa ya 85°C, ndipo powotcherera onetsetsani kuti mwendo wa mzere walowa pa bowo la negetivu, chifukwa kapasita yoikidwa motembenuza imatha kuphulika mukangoyatsa magetsi.