Kupanga bokosi losankha lokha eriyo pa wailesi ya amateur

Mwini wailesi ya amateur (wailesi yolankhulirana ndi anzako mongodzisangalatsa, osati mwa malonda), kaya ndi wa kuno amene chizindikiro chake choitanira pa wailesi chimayamba ndi 7Q kapena wa dziko lina, sachedwa kukhala ndi maeriyo angapo, chifukwa eriyo yodulidwira 7 MHz siyenerana ndi 14 MHz. Kuzula ndi kulumikiza chingwe cha coax (chingwe chochoka ku eriyo kupita ku wailesi) nthawi zonse kumakulitsa mabowo a mapulagi, ndipo tsiku lina mudzalankhula pa eriyo yolakwika. Bokosi losankha lokha eriyo limathetsa vutoli.

Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi ma relay (maswichi oyendetsedwa ndi magetsi) a 12 V, imodzi pa eriyo iliyonse, oikidwa m'bokosi la aluminiyamu lokhala ndi masoketi a SO-239 olumikizirapo coax. Mawaya a m'katimo akhale aafupi kwambiri, popeza waya wautali umasokoneza 50 ohm imene wailesi imayembekezera, ndipo SWR (muyeso wosonyeza mphamvu imene ikubwerera ku wailesi m'malo mopita ku eriyo) imakwera makamaka pa 28 MHz. Chouza ma relay zochita chikhoza kukhala Arduino, kabolodi ka kompyuta kamene mumakalembera pulogalamu. Mawailesi ambiri a Yaesu amatulutsa uthenga wa band (gawo la mafunde limene wailesi ilipo, monga 7 MHz kapena 14 MHz) ngati nambala pa mawaya anayi otchedwa BCD, pamene a Icom amagwiritsa ntchito njira yawo yotumizira uthenga yotchedwa CI-V kapena mphamvu ya magetsi yosintha malinga ndi band pa soketi yotchedwa ACC; uthengawu ndi umene Arduino imawerenga kuti isankhe eriyo. Arduino payokha siingakoke relay, choncho pakati pawo ikani ULN2803, chip yoyendetsa ma relay, imene ili kale ndi ma diode oteteza.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi ichi: relay isasunthe pamene wailesi ikutumiza mawu. Pa 100 W, m'chingwe mumadutsa pafupifupi 70 V ndi 1.4 A, ndipo relay ikatseguka nthawi imeneyo pamathetheka moto umene umanyeketsa timilomo take, komanso kwa kanthawi wailesi imakhala yopanda eriyo, zomwe zingaphe ma transistor ake otsiriza, omwe ndi odula ndiponso ovuta kuwapeza. Tengani waya wa PTT (umene umasonyeza kuti wailesi ikutumiza mawu) mukaulowetse mu Arduino, ndipo pulogalamu yanu ikane kusintha chilichonse PTT ikakhala yoyatsa. Relay imafuna mamilisekondi angapo kuti ikhazikike, choncho ngati wailesi yanu ili ndi waya woiletsa kutumiza, ugwiritseni ntchito mpaka relay itakhazikika. Pa chifukwa chomwecho, bokosi ndi wailesi zitenge mphamvu pamalo amodzi a 13.8 V, kuopa kuti magetsi akathima wailesi ingapitirize pa batire bokosi litazima.

Lumikizani ma relay mwakuti eriyo imene siikugwira ntchito ilunjike ku nthaka. Izi zimachotsa magetsi odziunjikira pa waya, koma sizingaimitse mphezi. Ziphaliwali za dzinja zikayamba, zulani zingwe zonse. Pa mawaya olamulira ikani ma capacitor a 10 nF ndi timphete ta ferrite kuti mafunde a wailesi asasokoneze Arduino.

Musanalumikize eriyo yeniyeni, yesani soketi iliyonse ndi dummy load (chipangizo cholowa m'malo mwa eriyo poyesa) ya 50 ohm pa 5 W, ndipo mukweze mphamvu pokhapokha SWR ikaoneka yotsika pa band iliyonse.