Mmene mungapewere ngozi pamene ndege ikupopera mankhwala m'munda

Ndege yopopera mankhwala imauluka mamita 3 kapena 4 okha pamwamba pa mbewu, ikuthamanga makilomita pafupifupi 200 pa ola, kutanthauza kuti pa sekondi imodzi imadutsa mamita oposa 50. Woyendetsa akalakwitsa ali pafupi ndi nthaka chotero alibe mpata wokonza, choncho ntchito yaikulu yopewa ngozi iyenera kuchitika ndege isananyamuke, ndipo mwinimunda ndi kapitawo wake ali ndi gawo lawo.

Yambani ndi mawaya amagetsi. Bungwe lofufuza ngozi ku Australia, la ATSB, linapeza kuti pa ngozi zambiri zowomba mawaya, woyendetsa ankadziwa kale kuti wayayo ilipo koma anaiwala chifukwa cha kutopa kapena kusintha kwa dongosolo la ntchito. Nchifukwa chake kungomuuza pakamwa sikokwanira. Yenderani mundawo wapansi, jambulani mapu, ndipo sonyezanipo polo iliyonse, mawaya ochirikiza mapolo, komanso waya umodzi wopita ku pampu ya madzi kapena ku nyumba ya mlonda, pakuti woterewu ndi amene amabisala kwambiri kumbuyo kwa mitengo. Woyendetsa azungulire munda ali m'mwamba asanatsike, ndipo asasake waya weniweniwo, umene suoneka msanga, koma asake mapolo ndi nyumba zimene zikusonyeza kumene wadzera. Akamaliza mizere ikuluikulu n'kufuna kupopera m'mphepete mopingasa, akwere kaye n'kuyang'ananso, chifukwa waya umene wakhala kumbali m'mawa wonse tsopano uli patsogolo pake. Apewenso kulunjika dzuwa likamatuluka kapena kulowa.

Funsani ngati pali nsanja yatsopano m'deralo. Ku America, nsanja zoyezera mphepo zinkamangidwa zosafika mafiti 200, omwe ndi mamita pafupifupi 60, kuti lamulo loikapo zizindikiro lisazikhudze, ndipo mu Januwale 2011 woyendetsa wina anafa ku California atawomba nsanja yotere. Nsanjazi zimaimikidwa m'masiku ochepa, kotero mapu a chaka chatha sangadaliridwe.

Ngozi ina yopha imachitika pokhota kumapeto kwa munda. Ndege ikapendekeka madigiri 60, mapiko amasenza kulemera kowirikiza kawiri, ndipo liwiro lofunika kuti isagwe limakwera ndi pafupifupi 40 peresenti. Ndege ya mtundu wa Air Tractor AT-502 imanyamula malita pafupifupi 1,900, choncho kukhota mothina ndi thanki yodzaza pofuna kupulumutsa masekondi ochepa n'kusewera ndi moyo. Kukatentha, monga mmene kumakhalira ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo mu Okutobala, mpweya umapepuka ndipo ndege imafuna bwalo lalitali kuti inyamuke. Chepetsani katundu, gwirani ntchito m'mamawa, ndipo woyendetsa akhale wokonzeka kutaya mankhwala onse ndege ikakanika kukwera. Mwinimunda asadandaule za mtengo wa mankhwala otayikawo.

Bungwe lofufuza ngozi ku America, la NTSB, litaunika ngozi 78 za ndege zogwira ntchito m'minda za mu 2013, linatchula kutopa ngati vuto limodzi lalikulu. Musamukakamize woyendetsa kumaliza tsiku lomwelo chifukwa choti mbozi zavuta. Asathire yekha mankhwala m'thanki, pakuti ena a gulu la organophosphate akalowa m'thupi amachititsa chizungulire ndi kusaona bwino, ndipo azivala chisoti ndi kumanga malamba nthawi zonse.

Dziwitsani mafumu ndi aphunzitsi a m'sukulu zoyandikana tsiku lopopera kuti ana asathamangire kukaonerera. Ndege ikagwa, fikani kuchokera mbali imene mphepo ikuchokera kuti musapume utsi wa mankhwala, musakhudze waya aliyense woduka mpaka a magetsi atazimitsa, ndipo potengera wovulala kuchipatala nyamulani chikalata cha pa chigubu cha mankhwalawo kuti adokotala adziwe chimene akulimbana nacho.