Musataye nyemba pofuna kuchepetsa thupi

Miyezi ino, kulikonse kumene ndikupita kukakamba za kadyedwe, ndikungomva za keto, kadyedwe kochepetsa kwambiri zakudya zokhutitsa n'kumadya mafuta ambiri. Wina waiwona pa Facebook, wina wauzidwa ndi mnzake, m'mawa mwake mbale yasintha. Kuti anthu asiya shuga wa m'tiyi ndi zakumwa zotsekemera sindikudandaula nako. Chondiwawa n'chakuti pamodzi ndi shugayo akutayanso nyemba, zipatso ndi mbewu zosakonola, ati zonsezo ndi makabohaidireti, zakudya zimene thupi limazisandutsa shuga. Chotsala m'mbale ndi nyama yonona, masoseji ndi batala, m'mawa mpaka usiku.

Chimawanyenga ndi sikelo. Sabata yoyamba munthu amapepuka ndithu, n'kuyamba kulalikira kwa aliyense. Komatu thupi limasunga shuga wake m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa limodzi ndi madzi okwana magalamu atatu. Mukasiya zakudya zokhutitsa, nkhokwe imeneyi imatha, madziwo n'kupita ndi mkodzo. Zambiri zimene zachoka sabata imeneyo ndi madzi, ndipo mukayambanso kudya monga kale amabwerera msangamsanga.

Ndiye taonani mtengo wake. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azidya faiba (mbali ya zomera yosagayika m'mimba, yothandiza kuchita chimbudzi) wosachepera magalamu 25 patsiku, komanso masamba ndi zipatso magalamu 400. Faibayo mumpeza kuti mutachotsa nyemba ndi zipatso? Mu nyama mulibe ngakhale pang'ono. Mapeto ake ndi kudzimbidwa, mutu, kufooka ndi fungo m'kamwa. Mafuta nawonso si ochezeka: galamu imodzi ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 9, pamene ya makabohaidireti ili ndi 4. Ena mafuta oipa a m'magazi amawakwera iwo osadziwa, poti samva kupweteka paliponse.

Bambo wina amene amalima nyemba yekha anagulitsa zonse, ngakhale za pakhomo, n'kumagula nyama. Patatha masabata atatu ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo dzuwa lisanakwere n'komwe, khasu lili apo. Anati, "Alangizi, lamba wamasuka koma miyendo ikukana, ndipo kuchimbudzi ndatha masiku anayi." Nditamufunsa chifukwa chothamangitsira nyemba, anati ndi zonenepetsa. Munthu wogwira ntchito ya thukuta tsiku lonse!

Khalidwe lolandira chilichonse chatsopano osafunsa kumene chachokera landitopetsa. Keto anaiyambitsa ndi dokotala Russell Wilder wa pa chipatala cha Mayo Clinic ku America mu 1921, ngati chithandizo cha odwala khunyu, achipatala akuwayang'anira. Robert Atkins, amene buku lake la mu 1972 linatchukitsa kadyedwe kameneka, sanati munthu akhale pa gawo loyamba lokhwima, lochepetsa kwambiri makabohaidireti, moyo wake wonse; ankati makabohaidireti aziwonjezeredwa pang'onopang'ono. Mu 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anatulutsa zotsatira za anthu 609 amene anawatsatira chaka chathunthu, ena atachepetsa mafuta, ena makabohaidireti. Magulu onse awiri anatsika makilogalamu pafupifupi 5 mpaka 6, popanda kusiyana kwenikweni. Ndipo onsewo anauzidwa kudya masamba ambiri, kuchepetsa shuga ndi ufa woyeretsedwa.

Mwachidule, poti zina mukuzidziwa kale. Chotsani shuga, mabisiketi, zakumwa zotsekemera ndi buledi woyera. Mpunga kapena chokhutitsa china chepetsani, musachisiyiretu. Nyemba, masamba, mtedza, nsomba ndi mazira zikhalepo, ndipo madzi muzimwa. Sikelo muzikwera kamodzi pasabata, ndipo ya sabata yoyamba musaiwerengere. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, ndi odwala impso asayambe n'komwe paokha. Odwala matenda a shuga amene mukubaya insulini kapena kumwa glibenclamide, kaonaneni kaye ndi adokotala asinthe mlingo wa mankhwala, chifukwa shuga akhoza kutsikiratu mpaka kukomoka.