Musapake pulasitala musanasiye njira ya waya wa intaneti

Chilimwe chino ndalowa m'nyumba zingapo zatsopano kuyambira pa Lizulu mpaka ku Tsangano, ndipo cholakwika ndi chimodzimodzi paliponse. Anthu agulitsa kachewere ndi kabichi, aotcha njerwa, akhoma malata, wamagetsi waika mapaipi ake, pulasitala wapakidwa see. Koma paipi ya waya wa intaneti palibe ngakhale imodzi. Ukafunsa, yankho ndi lomwe lija: "A alangizi, masiku ano ndi za Wi-Fi, mawaya ndi achikale."

Achikale? Wi-Fi ndi mafunde a wayilesi, ndipo khoma lililonse limene akudutsa limawadya mphamvu. Njerwa yootcha yopakidwa simenti mbali zonse imadya kwambiri, konkire wokhala ndi zitsulo mkati ndiye osanena, pomwe chitseko chachitsulo ndi malata zimangowabweza. Marauta, timabokosi tofalitsa Wi-Fi m'nyumba, ambiri amatulutsa mafunde a mitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. A 5 GHz amathamanga koma akakumana ndi makoma awiri atatu amagwada, a 2.4 GHz amafika patali koma mokwawa. Ndiye inu mwamanga nyumba yaitali ya zipinda zinayi, shopu kutsogolo, kanyumba ka anyamata kuseri, n'kumayembekeza kuti kabokosi kamodzi ka pabalaza kakwanitsa zonsezo.

Chinanso chimene anthu saganizira n'chakuti rauta yolowa SIM khadi, kaya ya TNM kaya ya Airtel, simuiika pomwe mwafuna inu. Kuno kumapiri imakhala pomwe netiweki ikugwira, nthawi zambiri pawindo la kungodya imodzi ya nyumba. Ikakhala kumeneko, a mbali inayo alira. Ngakhale mutagula Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023, mbale yake imakhala panja, ndipo waya wake afuna polowera.

Bambo wina wolima kachewere chakumtunda kuno anandiitana mu June kuti ndikaone mbewu yake m'nkhokwe. Tikucheza, ndinaona mwana wawo wamkazi wa kukoleji atakhala pakhonde, wafunda bulangeti mpaka kumutu, laputopu pamiyendo, zala zitauma ndi chisanu. Kuchipinda kwake Wi-Fi safika. Bambowo anati, "Ndagula rauta yachiwiri, koma zangokhala ngati ndawonjezera magetsi owala." Pamapeto pake anaitananso mmisiri. Khoma lopentedwa miyezi itatu yapitayo analisema ndi tchizulo kuchoka pabalaza mpaka m'kolido, fumbi m'masofa, simenti ina, mchenga wina, penti wina, mmisiri kulipidwa kawiri. Mpaka lero chigambacho chimaoneka ngati chipsera. Paipi imene ikanapewetsa zonsezi mtengo wake sufika pa thumba limodzi la simenti.

Ena poopa kugumula amakhomerera waya pamwamba pa khoma ndi timisomali, kuboola felemu ya windo, kapena kungomuponya m'siling'i. Makoswe a m'denga amathokoza. Chimene chimanditopetsa n'chakuti mwininyumba yemweyo amakangana ndi mmisiri tsiku lonse za mtundu wa matailosi, koma za izi amati tidzaona tikalowa. Ndi khalidwe lomwe lija logula feteleza mvula itagwa kale.

Zochita zake si zambiri. Wamagetsi akamasema makoma, muuzeni aike paipi ina ya 20 kapena 25 mm, payokha, osaphatikiza ndi mawaya a magetsi, ndipo asiyemo kawaya kokokera. Mapaipi onse akakumane pamalo amodzi pali soketi. Kokani kebulo ya intaneti yotchedwa Cat6 kupita pa TV, m'kolido, kushopu ndi pomwe mungadzaike kamera. Imanyamula bwino mpaka mamita 100. Gulani ya kopa weniweni, osati ya aluminiyamu yongokutidwa kopa. M'kolido mudzaikamo kachipangizo kena kofalitsa Wi-Fi kolumikizidwa ndi wayayo, mafoni n'kumagwira nyumba yonse. Waya wopita ku kanyumba ka kuseri adutse pansi m'paipi, osati kulendewera m'mwamba, chifukwa mphenzi za dzinja sizinyengerera. Ngati ndalama yathera pamalata, ikani paipi yokhayo, waya adzabwera mukagulitsa mbewu ina. Ndipo jambulani makomawo pafoni asanapake pulasitala, kuti pokhoma msomali wa kalendala musadzaboole paipi yanu yomwe.