Nyali ya LED ya thanki ya zomera: mmene ndinapangira yanga kuno ku Dedza

Thanki yanga yagalasi ndi ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 kuya, ndipo imalowa madzi okwana malita 54. Ili pakona pabalaza, kutali ndi windo. Nditangodzalamo zomera koyamba ndinapachika pamwamba pake nyali ija timaika panja kuti iwalitse pabwalo usiku, ya mawati 30, poganiza kuti chomera chilichonse chimafuna dzuwa lambiri monga chimanga. Pasanathe masabata awiri madzi anali biriwiri ngati a pachithaphwi, masamba atakutidwa ndi ndere zonga ubweya, nsomba zikungooneka mwa apo ndi apo zikayandikira galasi. Mayi akunyumba atasuzumira m'mawa wina anati, "Abambo, nsombazi zifatu, chitanipo kanthu." Ndinasintha madzi kangapo koma ndere zinkabwerera, mpaka ndinazindikira kuti gwero la vutoli linali nyali yosatheka kuichepetsa mphamvu.

Chomera cham'madzi chimafuna kuwala, mpweya wa carbon dioxide ndi michere, ndipo zitatuzi ziyenera kuyendera limodzi. M'madzi a m'thanki mpweyawu umakhala wochepa kwambiri. Ndiye mukathira kuwala koposa muyezo, chomera sichingakugwiritse ntchito konse, ndipo kotsalako kumanenepetsa ndere. N'chifukwa chake pa nyali yonseyi chimene ndimachiwerengera kwambiri ndi kachipangizo kochepetsera kuwala, dimmer, kuposa ma LED enieniwo.

Ma LED ake ndi aja amabwera ngati kalamba kopyapyala kokulungidwa pa kagudumu, amene m'mashopu a zamagetsi amati LED strip. Ine ndinakagula ku Lilongwe. Pogula werengani zolembedwa papaketi, musadalire pakamwa pa wogulitsa pokha. Funani lamba wa 12V, wa mtundu wa 5050, wokhala ndi ma LED 60 pa mita imodzi. Wotereyu amadya mawati 14.4 pa mita. Alipo wina wofanana naye maonekedwe, wa 3528, amene amadya mawati 4.8 okha pa mita, ndipo kuwala kwake n'kofooka, kongokwanira kukongoletsa kabati. Aja osinthasintha mitundu, a m'maminibasi ndi m'malo omwera, asiyeni. Aja olumikiza ku soketi mwachindunji popanda adaputa ndiye musawakhudze n'komwe, chifukwa magetsi a mavolti 230 sayenera kuyandikira madzi amene inu ndi ana mumapisamo manja.

Mtundu wa kuwala umalembedwa ndi nambala yothera ndi K. Wa 6500K ndi woyera mbee ngati dzuwa la masana, ndipo zomera zimakula nawo bwino. Wa 3000K ndi wachikasu pang'ono, uli ndi kufiira kochulukirapo. Masamba amagwiritsa ntchito kwambiri kuwala kwa buluu ndi kofiira, choncho ine ndinaphatikiza: mizere iwiri ya 6500K m'mbali, umodzi wa 3000K pakati. Nsomba nazonso zimaoneka mtundu wake weniweni, osati zotuwa ngati zili m'firiji. Onetsetsaninso kuti palembedwa IP65, kutanthauza kuti lambayo ndi wokutidwa ndi kapulasitiki kofewa pamwamba. Madontho samulowa, koma si woti n'kumizidwa.

Tsopano masamu pang'ono, chifukwa apa ndi pamene adaputa zimapsera. Lamba wa 12V wotereyu amadulidwa pa ma LED atatu alionse, masentimita 5, pamene pali timizere ta kopa ndi kachithunzi ka sizasi. Pa thanki ya masentimita 60 ndinadula zidutswa zitatu za masentimita 55, pamodzi mamita 1.65. Mukachulukitsa ndi 14.4 mupeza mawati pafupifupi 24, ndipo 24 kugawa ndi 12 ndi maampu 2. Adaputa yogula ikhale ya 12V ndi maampu 3, kuti isamagwire ntchito itafika pakhosi tsiku lonse. Ya maampu 2 enieni idzayatsa, koma idzatentha ndipo sikhalitsa. Chaja ya laputopu musaiyerekeze, zambiri zimatulutsa 19V. Oweta zomera ambiri amayeza kuti zomera zosavuta zimakhutira ndi malumeni (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) 10 mpaka 20 pa lita imodzi ya madzi, ndiye mizere itatuyi pa malita 54 ndi yokwanira ndi kutsalako. Kutsalako n'kwabwino, popeza tili ndi chochepetsera.

Dimmer yoyenera ndi kabokosi kakang'ono kolembedwa DC 12–24V, kawirikawiri ka maampu 8, kokhala ndi chopotokola ngati cha voliyumu ya wailesi. Mkati mwake sikachepetsa mavolti ayi. Kamayatsa ndi kuzimitsa ma LED maulendo mazanamazana pa sekondi imodzi, njira yotchedwa PWM, ndipo mukapotokola mumasintha kutalika kwa nthawi imene akuyaka pa ulendo uliwonse. Diso silitha kuona kuphethirako, koma mukaloza kamera ya foni nthawi zina muona timizere takuda tikuyenda pachithunzi. Si vuto limenelo. Dimmer ija yapakhoma ya mababu a m'nyumba ndi ya magetsi ena, siigwira ntchito pano. Ndipo ndikulimbikitsani yopotokola ndi dzanja kusiyana ndi ya rimoti pa chifukwa chimodzi: magetsi akazima n'kuyakanso, yopotokolayo imabwerera pamene munaisiya, pamene zina za rimoti zimayaka mphamvu yonse kapena kukhala zozima mpaka wina azidinenso, inu muli kuntchito.

LED imafa ndi kutentha. Lamba akangomatidwa pa thabwa kapena pa pulasitiki, kutentha kumasowa kolowera, kuwala kumayamba kufooka, kapulasitiki kaja n'kusanduka kachikasu. Pamafunika aluminiyamu. Ine ndinapita kwa anyamata opanga mawindo ndi zitseko za aluminiyamu n'kuwapempha chotsala chooneka ngati ngalande, cha masentimita 62 m'litali ndi pafupifupi 5 m'lifupi, chokwana mizere itatu motalikirana pang'ono. Chimenechi ndiye thupi la nyali. M'mphepete mwake mumatchinga kuwala kuti kusathobwe m'maso mwa munthu wokhala pampando.

Musanamate chilichonse, yesani chidutswa chilichonse pa adaputa. Kenako pukutani m'kati mwa ngalandeyo ndi sipiriti kuti muchotse mafuta ndi fumbi, apo ayi zomatira za kumbuyo kwa lamba sizigwira. Pamapeto pa chidutswa chilichonse sendani kapulasitiki kofewa kaja ndi lezala, mosamala, mpaka timadontho tiwiri ta kopa tioneke, kena kolembedwa + kena –. Pansi pa nsonga imeneyi ikani kaye kachidutswa ka tepi ya magetsi, chifukwa kopa wa pamene mwadula akakhudza aluminiyamu mawaya awiriwo agundana. Ndiye matani mizere itatu ija, wachikasu pakati.

Kuwotcherera ndinaphunzira kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi ma TV pafupi ndi msika wa pa boma. Ndinapita ndi ngalande yanga n'kunena kuti, "Achimwene, ndithandizeni apa, ndaotcha kale nsonga ziwiri." Anailandira, n'kuyamba ndi kupaka mtovu pang'ono pa kopa payekha, kenako pa nsonga ya waya payekha, ndiyeno anagundanitsa ziwirizo n'kukhudza ndi chowotcherera kwa kanthawi kosakwana masekondi awiri. Mtovu unayenderera n'kuuma uli ngwee. Anati, "Mukachedwetsa chitsulo pamenepa kopa amamatuka, mphwanga. Khudzani n'kuchotsa." Kuyambira tsiku limenelo sindinaonongenso nsonga. Ngati mulibe chowotcherera, pitani nazo kwa anthu amenewa, ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ndi yolimba kuposa timapini topanira tija timachita dzimbiri pakakhala chinyezi.

Kalumikizidwe kake n'kosavuta. Ma + onse atatu akumane pa waya mmodzi wofiira, ma – onse atatu pa waya wakuda. Mawaya awiriwa apite ku mbali ya dimmer yolembedwa OUT, ndipo a ku adaputa alowe mbali yolembedwa IN. Waya wonenepa 0.75mm² ndi wokwanira. Mukasemphanitsa + ndi – pa lamba, amangokhala osayaka, mumatembenuza basi. Koma mukasemphanitsa polowera pa dimmer ikhoza kupsa pomwepo, choncho yezani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, musanamange sikuluwu, makamaka ngati munadula kapulagi ka adaputa.

Chinyezi ndiye mdani wamkulu kuno kwathu. Dedza ndi malo okwera, ndipo mu June ndi July aliyense amadziwa mmene kumazizirira. Nsomba za m'madzi ofunda zimafuna madigiri 24 mpaka 26, ndiye hitala ikamatenthetsa madzi pamene m'nyumba muli zii, nthunzi imakwera n'kusanduka madontho pa chilichonse chozizira chimene chili pamwamba. M'mawa wa July mukanyamula chivundikiro chagalasi madzi amachita kuyenderera. Pa chifukwa chimenechi pakati pa madzi ndi nyali pakhale galasi, ndipo nyaliyo ikwere masentimita 8 kapena 10 pa timiyendo ta thabwa kapena ta aluminiyamu yomweyo. Powotcherera ponse pakutidwe ndi silikoni, koma nunkhizani kaye: yonunkha ngati viniga imadya kopa pang'onopang'ono, funani yolembedwa neutral. Ikaninso timadontho take modutsa lamba pa malo atatu kapena anayi, kuti zomatira zikadzatopa asagwere pagalasi. Dziwaninso kuti LED siitenthetsa madzi monga ankachitira mababu akale aja, ndiye hitala musaichotse.

Adaputa ndi dimmer zikhale pambali, pamalo ouma, osati pansi pa thanki. Waya wopita ku soketi ayambe watsika kupitirira soketiyo kenako n'kukwera, kuti dontho lotsetsereka pa waya ligwere pansi lisanafike ku magetsi.

Amene mumadalira sola, nyali iyi ndi yanu ndithu poti ndi ya 12V, koma pali msampha umene unandigwira. Ndinalumikiza mzere woyeserera ku batire mwachindunji, ndipo patapita masabata ochepa ma LED ena anada, ena n'kuzimiratu. Batire yolembedwa 12V ikamatchajidwa dzuwa lili paliwombo imafika mavolti 14 ndi kupitirira, ndipo lamba akalandira zoterozo amakoka magetsi ochuluka n'kutentha kwambiri. Dimmer siteteza zimenezi, chifukwa nthawi iliyonse imene yayatsa imapereka mavolti onse a batire. Pakati pa batire ndi dimmer pamafunika kachipangizo kotchedwa buck-boost, kamene kamatulutsa 12V yosasuntha, komanso fyuzi ya maampu 3 pafupi ndi batire penipeni. Nyaliyi ikayaka mphamvu yonse kwa maola 7 imadya pafupifupi 14Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi amene batire imasunga), pa theka ndi 7Ah, ndiye werengerani ngati batire yanu ingathe kusenza zimenezi pamodzi ndi mababu a m'nyumba ndi mafoni.

Nyali ikatha, ntchito yeniyeni ndiye yayamba, ndipo imafuna kudekha. Yambani ndi maola 6 pa tsiku, chopotokola chili pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Maso adzakuuzani kuti n'kochepa, kapena mukafika pa theka adzakuuzani kuti kwafanana ndi mphamvu yonse. Maso sayeza bwino kuwala. Ine ndinatenga kyutekisi wa mayi akunyumba n'kudontheza kadontho pamene muvi wa chopotokola waloza, kuti mwana akaseweretsa ndidziwe pobwezera. Siyani choncho masabata awiri athunthu, kenako onjezerani pang'ono, dontho lina. Musasinthe maola ndi mphamvu nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza kapena chaononga.

Zomera zomwezo ndi zimene zimakuuzani. M'thanki mwanga muli Vallisneria, udzu wautali uja wonga riboni umene umameranso m'malo osaya a m'nyanja yathu ya Malawi, ndi Anubias amene ndinamangirira pa mwala ndi ulusi. Vallisneria akakhutira amatulutsa kamphukira koyenda pamwamba pa mchenga, kamwana n'kumera patali pang'ono ndi make. Akamatuwa, masamba atsopano n'kumatuluka oonda, ndiye kuti kuwala kwachepa. Anubias amakula pang'onopang'ono ndipo safuna kuwala kwambiri, choncho ndiye amayamba kudandaula mukapitirira: pamasamba pamabwera timadontho tobiriwira touma tosachoka ndi chala. Mukaona timeneti, kapena ndere zonga ulusi, kapena galasi likufuna kupalidwa masiku awiri alionse, bwererani pa dontho lakale. Ndere zabulauni zonga fumbi pa thanki yatsopano zisakuopseni, zimabwera m'masabata oyamba n'kutha zokha. Ngati mukuweta mbuna, kumbukirani kuti zimakumba mchenga ndi kubudula masamba ofewa, ndiye zingani mizu ndi timiyala musanayambe kukayikira nyali.

Timer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi yoikika, ndi yofunika, chifukwa zomera zimafuna nthawi yofanana tsiku lililonse. Yozungulira ija ya timapini imaima magetsi akazima ndipo imasokoneza nthawi, pamene ya manambala ili ndi kabatire m'kati kosunga wotchi. Yanga imayatsa 1 koloko masana n'kuzimitsa 8 koloko usiku, kuti tikaweruka tizipeza thanki ikuwala. Tsiku limene magetsi azima masana onse sindibwezera maola usiku kapena kukweza mphamvu mawa lake, zomera zimapirira tsiku limodzi kapena awiri amdima popanda vuto. Pano chopotokola chili pa dontho lachitatu, pang'ono kupitirira theka, maola 7, ndipo aluminiyamu ndikaigwira madzulo imangokhala yofunda. Ikafika poti dzanja silingakhalepo, tsitsani mphamvu kapena pezani ngalande yokulirapo.